Basi ndi ya onse

Chilatini ndinachiphunzira ku seminale, ndipo onse amene tinachiphunzira tili ndi nthenda imodzi: pakamwa sipatsekeka. Mu minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba ndinakhala moyandikana ndi mnyamata wa sekondale, ndiye ndinamufunsa ngati amadziwa kumene mawu akuti basi anachokera. Anangondiyang'ana. Ine kalasi n'kuyamba, mokweza ndithu kuti a kumbuyo nawo apindule.

Ndinati mu Chilatini muli mawu akuti omnis, kutanthauza aliyense. Ukafuna kunena kuti "kwa onse" umachotsa -is n'kuikapo -ibus, ndiye amakhala omnibus. Kamchira kameneka sikasankha: amuna, akazi, ngakhale zinthu zopanda moyo, mawu ndi omwewo. Mu 1826 Stanislas Baudry anayamba kuyendetsa ngolo zokokedwa ndi akavalo mumzinda wa Nantes ku France, zonyamula aliyense wolipira, ndipo zinatchedwa omnibus. Mu 1828 zinafika ku Paris. Mu 1829 George Shillibeer anaziyambitsa ku London, akavalo atatu kukoka anthu 22. Angerezi anaona kuti dzinalo latalika, anadula mutu n'kusunga mchira, bus. Ife tinangoika -i kumapeto, poti lilime lathu silimaliza mawu ndi s. Tanthauzo lonse linali mu omn-, ndipo ndi gawo lomwelo limene linatayidwa.

Kondakitala anamvetsera bwino kuposa ana onse amene ndinawaphunzitsapo. Titaima pa Njuli anakweza mayi wa dengu la usipa pampando wathu, umene tinali titadzaza kale.

"Madala, tasunthani. Mwanena nokha kuti ndi ya onse."

Galimoto yonse inafa nacho chiseko. Pa Namadzi anandisanjika thumba la mbatata pamiyendo, pamwamba pake tambala womangidwa miyendo ndi luzi. Apa ndinakana. Ndinati onse amene Baudry ankanena anali anthu.

Mnyamata uja, amene sanatsegule pakamwa chichokereni ku Limbe, anayankhula mwaulemu kwambiri.

"Koma bambo, paja munati -ibus ndi ya amuna, akazi ndi zinthu zomwe."

Galamala anaikhoza, sindikanamutsutsa. Tambala uja anandiipitsira buluku tisanafike pa Thondwe, ndipo ndalama ndinalipira yonse, ya mpando wathunthu.