Zikomo nonse, nyumba yakale ija yaimanso

Dzulo tinatsegula zitseko za nyumba yakale ija mvula ikugwa panja, koma m'kati simunadonthe ngakhale pang'ono. Ndinaima pakati pa holo n'kumangoyang'ana kudenga, misozi ikulengeza m'maso. Ndikulemba m'malo mwa kalabu yathu yothandiza anthu, kuti ndithokoze aliyense amene anaikapo dzanja.

Amene munaiona chaka chatha mukukumbukira. Denga linagwera m'kati mbali imodzi usiku wa mvula yamkuntho, ndipo titakwera kukaona tinapeza kuti chiswe chinali chitamaliza mitengo yambiri: kunja yooneka yolimba, m'kati mphako zokhazokha. Ambiri anati tingoigwetsa timange ina. Sindiwaimba mlandu, poti ena mwa ife tinaganizaponso choncho. Ifetu tinazolowera kukazonda odwala, kusesa m'misewu, kudzala mitengo ndi kulipirira ana sukulu. Za nyumba zakale sitinkadziwa kanthu.

Ndiyambe ndi inu bambo mmisiri, ngakhale munakana kuti ndikutchuleni dzina. Munatipeza titagula kale matumba a simenti, tikufuna kumata ming'alu yonse tsiku limodzi, ndipo munatiletsa. Tinakwiya, kunena zoona, chifukwa ndalamazo tinazipeza movutikira. Koma munatitengera kukhoma lakumbuyo kumene wina anamatapo simenti kalekale, n'kugogoda ndi chala. Pulasitala yense anasendeka, njerwa za pansi pake zili fumbi lonyowa.

Apo m'pomwe tinamvetsa. Nyumba ngati iyi anaimanga ndi njerwa zofewa ndi matope a laimu. Laimu amalola kuti chinyezi chituluke m'khoma, pomwe simenti imachitsekera m'kati. Madziwo akasowa potulukira amadutsa m'njerwa, n'kusiyamo mchere umene umazinyenya pang'onopang'ono. Komanso simenti ndi yolimba kuposa njerwa zakalezo, choncho khoma likasuntha pang'ono chifukwa cha kutentha ndi kuzizira, chosweka ndi njerwa. Laimuyo salimba msanga. Amalimba pokoka mpweya wa kaboni dayokisaidi, ndiye pamafunika kumuphimba ndi kumuwaza madzi kwa masiku angapo kuti asang'ambike. Achinyamata athu ankasinthana ntchito imeneyo m'mawa ndi madzulo, osadandaula. Zikomo ana anga.

Akalipentala, inunso munatiphunzitsa kudekha. Mtengo uliwonse munkaubaya ndi kachitsulo, n'kudula povunda pokha, n'kulumikizapo watsopano. Mawindo amene ife tinkati ndi otaya munawapala, ndipo onse abwerera m'malo mwake. Pamene njerwa zinali zosatheka kupulumutsa tinaikapo zatsopano, ndipo sitinazibise. Mmodzi wa mamembala athu anatiwerengera mfundo za chikalata chimene akatswiri osamalira nyumba zakale anagwirizana mumzinda wa Venice ku Italy m'chaka cha 1964, chimene chimati chatsopano chigwirizane ndi nyumba yonse koma chizizindikirika, kuti mbiri ya nyumbayo isanamizidwe. Poyamba ndinkaona ngati zidzaoneka zigamba. Tsopano ndikamayang'ana khomalo ndimaona pomwe panathera manja a omanga oyamba ndi pomwe payambira athu, ndipo zimandikhudza mtima.

Agogo athu, zikomo potsegula masutikesi n'kutibweretsera zithunzi zakale. Popanda zimenezo sitikanadziwa mmene khonde linkaonekera lisanatsekedwe. Agogo ena anakhala nafe tsiku lonse, kutilozera pomwe panali chitseko chimene ife tinkangoona ngati khoma. Titachotsa pulasitala tinachipezadi pomwepo.

Tikuthokozanso a ofesi yoona za zinthu zakale potiyendera ndi kutipatsa chilolezo, onse amene munasonkha ndalama, amene munatibwereka makwerero ndi mawilibala, ndi amene munakumba ngalande kuti madzi asamaime m'munsi mwa khoma.

Pali ena amene ndiyenera kuwapepesa komanso kuwathokoza. Odwala ndi okalamba amene timawayendera, miyezi imeneyi tinabwera mwa apo ndi apo, ndipo palibe anatinyoza. Mayi wina atamva chifukwa chake anangoti pitani mukamalize, ine ndidikira. Mawu amenewo anandilimbitsa tsiku lomwe ndinkafuna kusiya. Mabanja athunso munapirira Loweruka lililonse tikubwera kunyumba tili mbuu ndi laimu.

Holoyi tsopano izikhala yochitiramo misonkhano ndi yowerengeramo ana, ndipo maulendo athu okaona odwala ayambiranso sabata ya mawa. Khoma lakumbuyo lija silinathe, likudikira kuti liume bwino tisanalimate. Takonzanso ndandanda ya oti azichotsa masamba padenga ndi m'ngalande mvula isanayambe, ndi kuyang'ana njira za chiswe mwezi ndi mwezi. Pepalalo lili pachitseko chachikulu, ndipo mizere ingapo ikadali yopanda mayina.