Bobi wandikwiyira chifukwa cha chiperoni

Kuno ku Dedza lero kwacha ndi chiperoni, phiri lonse laphimbika ndi chifunga moti mlendo sangadziwe kuti kuli phiri, kamvula kakungowaza osaleka, mphepo yake yochokera ku Mozambique ija yolowa mpaka m'mafupa. Koma chandisowetsa mtendere si kuzizirako ayi, ndi galu wanga Bobi.

Masiku onse ndikatsegula chitseko amandilumphira mchira uli gwedegwede, lero wangodzutsa mutu pachiguduli chake, kuyang'ana kamvulako, kenako kundiyang'ana ineyo nthawi yaitali. Ndamuyikira nsima ya madeya yosakaniza ndi mitu ya usipa, wangonunkhiza n'kutembenukira kukhoma. Kumuyitana, khutu limodzi lokha ndiye lagwedera. Msana wonse unali utanyowa chifukwa mphepo imakankhira mvula pakhonde, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera.

Amalume atulukira kuchokera ku Bembeke ndi thumba la mbatatesi, andipeza ndikumupukuta ndi chitenje chakale, ndiye kuseka kwake.

"Iwe mphwanga, galu n'kumamupukuta? Ameneyu anabadwa ndi bulangete lake."

"Amalume taonani mmene akundiyang'aniramu, wandikwiyira ameneyu."

"Akukwiyire chani, mvula umagwetsa ndiwe?"

Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse. Chifukwa tangoganizani, chakudya cha Bobi chimachokera kwa ine, madzi ine, geti ndimatsegula ine, unyolo ndimamasula ine, usiku getsi lapakhonde ndimayatsa ine, ndiye iyeyo adziwa bwanji kuti mvula yokha siili m'manja mwanga? Kwa iye ndangosankha kumusiya panja kuti anyowe basi. Mu Januwale mabingu akayamba amachitanso chimodzimodzi, amakanda chitseko akulira, galu makutu ake ndi akuthwa kuposa athu ndiye amayamba kutekeseka ife tisanamve kalikonse, ndipo ukachedwa kutsegula m'mawa mwake sakulondola ngakhale kukafika pa geti.

Anthu amayiwala kuti boma la Dedza lili pamwamba mamita pafupifupi 1,600, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kuno si kwa masewera, ife tomwe timavala majuzi awiri n'kukumbatira mbaula, nanga kagalu ka ubweya waufupi kogona pa simenti? Zimandiwawa kumva munthu akuti galu ndi galu, pomwe usiku tikamagona mwamtendere ndi iyeyo amakhala maso kulondera nkhuku zathu.

Madzulo ano ndamulowetsa kukhitchini, mbaula ndatulutsa kaye poti makala m'chipinda chotseka amapha. Wadya pang'ono koma mchira sanagwedeze. Amalume agona pabalaza, akuti akangomva fungo la galu amutulutsa okha, ine sindinawayankhe, ndipo mawa chiperoni chikapitirira ndiye kaya tikamba zotani