Vuto silinali chala changa, linali sin θ

Lero ndiye ndigona tulo. Masabata atatu ndakhala ndikulimbana ndi mwala womanga pa chingwe pansi pa mtengo wa mango, manambala akukaniratu kugwirizana ndi fomula ya katungwe wotereyu (pendulum), T = 2π√(L/g), pomwe T ndi nthawi yopita ndi kubwera kamodzi, L ndi kutalika kwa chingwe, ndipo g ndi muyeso wa mmene dziko limakokera zinthu pansi. Ndinkadziimba mlandu kuti chala changa chimachedwa kudina wotchi ya pa foni. Ayi ndithu, ndinkaukokera kutali kwambiri mwalawo.

Za mmene fomulayi imatulukira sindibwereza, nonse munadutsamo. Mzere umene ndinkangoudumpha ndi uja wa sin θ ≈ θ, pomwe θ ndi ngodya imene wakokera chingwe; mzerewu umagwira pokhapokha ngodyayo ikakhala yaing'ono. Ndinkayesa ndi chidule chongopeputsira masamu, osadziwa kuti nkhani yonse yagona pamenepo. Katungwe sapita ndi kubwera pa nthawi yofanana ukamukoka pang'ono ndi ukamukoka kwambiri. Poyerekeza ndi fomulayo, pa madigiri 10 amachedwerapo ndi 0.2 peresenti, pa madigiri 30 ndi 1.7, pa 60 zapitirira 7. Ine ndinkakoka mpaka chingwe kutsala pang'ono kugona chopingasa, ndiye zikanatheka bwanji? Ndipo 0.2 ija musaipeputse. Mu wotchi, zimenezo ndi pafupifupi mphindi zitatu pa tsiku.

Ndiye kuti fomulayi imanena za katungwe amene akugwedezeka pang'onong'ono, ngati sakugwedezeka n'komwe. Kufanana kwa nthawi kuja ndi ife timakukakamiza, pomuletsa katungweyo kupita patali. Ndazinena mokweza katatu ndili ndekha m'chipinda.

Chondilimbitsa mtima n'choti Galileo nayenso ankaganiza kuti kukoka kwambiri kapena pang'ono n'chimodzimodzi. Christiaan Huygens, amene anapanga wotchi ya katungwe mu 1656, anaona kuti sizili choncho, n'kuika tizitsulo topindika m'mbali mwa chingwe kuti cholemeracho chiziyenda njira yokhota yotchedwa cycloid, imene nthawi yake sisintha ngakhale ukoke kwambiri. Pa pepala zinali bwino. Opanga mawotchi anangosankha katungwe wamtali woyenda pang'ono basi. Kenako mu 1672 Jean Richer anapita ndi wotchi ya ku Paris ku Cayenne, ku South America, ndipo poiyerekeza ndi kayendedwe ka nyenyezi inayamba kutsalira pafupifupi mphindi ziwiri ndi theka pa tsiku. Nayenso g uja sakhala chimodzimodzi paliponse!

Chimene chandipulumutsa ndi vidiyo. Ndinatsamiritsa foni pa njerwa, n'kujambula mwala ukupita ndi kubwera ka 20, kenako n'kumayendetsa chithunzi chimodzichimodzi. Kusiyana kwa madigiri 10 ndi 60 kunaonekera poyera. Kunena zoona, aliyense amene akudinabe ndi chala akungodzivutitsa, ndipo ndikanakhala ine bwenzi phunziro lililonse la Physics likuyamba ndi vidiyo.

Chimandiwawa n'choti aphunzitsi athu ankangoti "musakoke kwambiri", osanena chifukwa chake. Ukafunsa, yankho n'loti silabasi ndi yaitali, mayeso ali pafupi. Sindikuwada, nawonso nthawi imawathera, koma kufotokoza kwa mphindi zisanu kukanandibwezera masabata anga atatu.

Nditaona zimenezi ndinayamba kukayikira wotchi iliyonse. Kamwala ka quartz mu wotchi ya pamkono kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, koma kukatentha kapena kuzizira kamasinthako. Dziko lenilenili silizungulira mofanana, n'chifukwa chake kuyambira 1972 awonjezerapo masekondi 27 pa nthawi ya dziko lonse, lomaliza kumapeto kwa 2016. Kuyambira 1967 sekondi amaiwerenga ndi atomu ya caesium, kugwedezeka ka 9,192,631,770.

Apa mpomwe ndaimanso. Katungwe tinamugwira bodza ndi nyenyezi, dziko tinaligwira bodza ndi atomu. Nanga atomuyo akaphonya, timugwira ndi chiyani, popeza tinagwirizana kale kuti iyeyo ndiye sekondi? Akuti amayerekeza mawotchi ambirimbiri n'kutenga za pakati. Mwina yankho ndi lomwelo, koma mumtima sizinandikhale bwinobwino. Kaya ndi ine amene ndikudumphanso mzere wina...