Mabuku a m'mabokosi a agogo a ku Russia

Teremu ino, m'phunziro la mbiri ya zipembedzo, aliyense anauzidwa kusankha gulu limodzi la okhulupirira n'kufufuza mmene akatswiri analidziwira. Ine ndinatenga Akhristu a ku Russia otchedwa starovery, kutanthauza osunga chikhulupiriro chakale. Ndinkayembekezera kuwerenga za mikangano ya ansembe basi, koma amene andigwira mtima masabata onsewa ndi anthu amene ankayenda m'midzi kufunafuna mabuku a gululi, ndi eni mabukuwo amene ankawatsegulira zitseko.

Nkhani yake inayamba m'zaka za m'ma 1650, pomwe Nikon, mkulu wa mpingo wa Orthodox ku Moscow, anasintha mabuku a mapemphero ndi miyambo ina kuti zifanane ndi za Agiriki. Chizindikiro cha mtanda, chomwe anthu ankachita ndi zala ziwiri, analamula kuti chizichitika ndi zala zitatu. Msonkhano wa mpingo wa 1666 ndi 1667 unatemberera okana kusinthaku, ndipo wansembe Avvakum, yemwe sankapsatira mawu, anatenthedwa ku Pustozersk mu 1682. Otsalawo anabalalika. Ena analowa m'nkhalango za kumpoto, ku Ural ndi ku Siberia, ena anakafika ku Riga m'dziko la Latvia, kugombe la nyanja ya Peipus ku Estonia, ndi kumatsiriro a mtsinje wa Danube ku Romania. Ambiri anatsala opanda wansembe, ndiye buku ndi limene linagwira mpingo. Ankalikopera pamanja, kulisunga m'bokosi, kulisiyira mdzukulu.

Mabuku amenewa ndi amene Vladimir Malyshev ankatsata m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Pechora, monga Ust-Tsilma, mpaka mu 1949 anakhazikitsa nkhokwe ya mabukuwa ku Pushkin House, likulu la kafukufuku wa zolembalemba za Chirasha, mumzinda wa Leningrad (lero St Petersburg). M'zaka za m'ma 1960 Nikolai Pokrovsky anayamba maulendo otere ku Siberia kuchokera ku Novosibirsk, ndipo gulu la Irina Pozdeeva la ku yunivesite ya Moscow linafika ku Verkhokamye, kumtunda kwa mtsinje wa Kama, mu 1972, n'kumabwererako chaka ndi chaka.

Apa m'pamene ndinakhala nthawi yaitali, chifukwa buku limodzi lotere munthu mmodzi sangalimalize. Pamafunika wodziwa Chisilavo cha m'tchalitchi, chiyankhulo chakale cha mabuku a mapempherowa, ndi kalembedwe ka manja akale. Wina amayang'ana pepala pakuwala kuti aone chidindo chobisika cha amene analipanga, ndipo chidindocho chimamuuza zaka za bukulo. Mabuku a nyimbo ali ndi timizere tonga mbedza pamwamba pa mawu, ndiye pamafunika katswiri wa nyimbo, koma iyenso amamvetsa bwino akamva agogo akuimba kuchokera m'buku lomwelo. Wa ziyankhulo amajambula kalankhulidwe ka m'mudzimo. Onsewa amadalira mwini nyumba, amene mwambo wake sumulola ngakhale kumwera kapu imodzi ndi mlendo wachikhulupiriro china. Tangoganizani, inali nthawi ya Soviet, boma likulimbana ndi chipembedzo, ndiye kwabwera anthu a ku Moscow kudzafunsa za mabuku a mapemphero. Kuti nkhalamba itsegule bokosi pankafunika kuleza mtima ndi kubweranso, osati tsiku limodzi.

Munthu amene sachoka m'mutu mwanga ndi Ivan Zavoloko wa ku Riga. Iye anali wachikhulupiriro chakale mwini wake komanso wofufuza. Anamangidwa ndi boma la Soviet mu 1940, n'kukhala zaka zambiri m'misasa ya akaidi ndi ku ukapolo wa ku Siberia. Atabwerera sanasiye kufufuza, ndipo ndi iye amene anapeza buku la ku Pustozersk lokhala ndi mbiri ya moyo wa Avvakum yolembedwa ndi dzanja la Avvakum yemweyo. Mu 1968 analipereka ku Pushkin House. Munthu wozunzidwa ndi boma chifukwa cha chikhulupiriro chake anapereka chuma cha anthu ake ku nkhokwe ya boma lomwelo, chifukwa ankakhulupirira akatswiri amene ankagwira nawo ntchito. Nditawerenga zimenezi ndinatseka kaye kope langa.

Pali chondivuta, ndipo ndachilemba poyera m'pepala langa. Buku likachoka m'nyumba kupita kunkhokwe limapulumuka ku moto ndi chinyontho, koma limasiya kupempheredwa. Midzi yambiri inkatha, achinyamata akupita m'tauni, ndiye popanda ofufuzawa mabuku ochuluka akanatayika, zimenezo sindikana. Komabe ndimaona kuti maina a agogo amene anawasunga mibadwo yonseyo ayenera kuima pafupi ndi maina a maprofesa.

Soviet Union itatha mu 1991, akatswiri akunja anayamba kufika m'midziyi mosavuta. Douglas Rogers wa ku America anakhala ku Sepych, m'dera la Perm, podutsa njira imene gulu la ku Moscow linalambula, ndipo buku lake linatuluka mu 2009. Iye anabwera ndi mafunso a katswiri wa chikhalidwe cha anthu, okhudza ntchito, minda ndi chifukwa chake anthu a kumeneko amalowa m'mapemphero mozama akakalamba, pomwe achinyamata amakhala kaye m'zadziko. Mayankho ake anatsamira pa zolembedwa zimene ena anasonkhanitsa zaka zambiri iye asanafike.

Pepala langa ndinali nditaligawa potsata maina a akatswiri, aliyense ndime yake. Ndalisintha. Tsopano likutsata buku limodzi kuchokera m'dzanja la wokopera, kulowa m'bokosi la m'mudzi, mpaka patebulo la ku Leningrad, ndipo ndime ya Zavoloko ndi imene ndikulemba usiku uno.