Tchana, chisoso ndi mankhwala ophera udzu

Kwathu ku Mayaka timadzala tchana mvula ikamapita kumapeto, cha mu Malichi, kuti ikule ndi chinyontho chotsalira m'nthaka. Chaka china amalume anapopera mankhwala mundime yawo ya tchana ndi sipuleya yomwe ankapoperera chimanga. Patatha masiku ochepa masamba anachita chikasu, ndime yonse n'kupserera. Tonse tinati mbewu inali yoipa. Sabata ino, ndikuwerenga za kulimbana ndi udzu pokonzekera mayeso kuno ku Zomba, m'pamene ndazindikira kuti mbewu ija inalibe mlandu.

Tchana imachedwa kukula ikangomera. Imakhala yaifupi, masamba ake ndi ang'onoang'ono, ndiye siphimba nthaka msanga monga imachitira khobwe. Masabata oyambirirawo dzuwa limafika pansi, chisoso, bonongwe ndi khovani n'kumera mwaufulu, kumalanda chinyontho chomwe n'chochepa kale.

Chomwe chandigwira mtima n'chakuti mankhwala sadziwa kuti ichi ndi chakudya, ichi ndi udzu. Amangogunda mbali ina ya m'thupi la chomera. Alipo ena, monga fluazifop, omwe amapha zomera za mtundu wa udzu weniweni, ngati kapinga, koma za masamba otambalala amazisiya. Amenewa tchana imawapirira. Vuto lili pa chisoso ndi bonongwe, chifukwa iwowa ndi tchana ali mbali imodzi, onse ndi a masamba otambalala. Chopha chisoso nthawi zambiri chimapwetekanso tchana. Imazethapyr, mwachitsanzo, amatseka kanthu kena ka m'thupi la chomera, enzyme yotchedwa ALS, yomwe chomera chimapangira zina mwa zomanga thupi lake. Soya amatha kuwaphwanya mankhwalawa m'thupi mwake asanamuvulaze, pomwe mitundu yambiri ya tchana imapinimbira, nsonga n'kuchita chikasu, maluwa n'kuchedwa. Atrazine wa m'chimanga uja ndiye woopsa kwambiri ku mbewu za nyemba, ndipo amakhalitsa m'nthaka. Ndikukhulupirira kuti zotsalira zake mu sipuleya ndi zomwe zinawotcha ndime ya amalume.

Akatswiri a ICRISAT, bungwe lofufuza za mbewu lomwe likulu lake lili ku Patancheru m'dziko la India ndipo lili ndi nthambi ku Chitedze, anayesa mitundu yambiri ya tchana poipopera imazethapyr ndi mankhwala ena ophera udzu otchedwa metribuzin. Anapeza kuti ina imapirira kuposa inzake, ndipo pamenepo ndi pomwe akatswiri opanga mitundu yatsopano ya mbewu akuyambira. Zinandisangalatsa, koma ndinadzifunsanso kuti mbewu yotereyi idzafika liti pa msika wa Jali kapena Thondwe, mlimi n'kuigula pa mtengo woti angakwanitse.

Pakadali pano njira zomwe zili m'manja mwathu n'zochepa. Pali pendimethalin, wopopera mutangodzala mbewu isanamere, koma amafuna nthaka yonyowa, chinthu chovuta kwa ife odzala mvula ikutha. Kwatsala khasu: kupalira kawiri m'masabata asanu ndi limodzi oyambirira, udzu usanachite maluwa.

Loweruka ndinawaimbira amalume kuwafotokozera zonsezi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Ndiye kuti sipuleya ija ndimayenera kuitsuka ndi sopo?” Ndinati inde amalume, kangapo konse, ndi paipi yomwe. Akuti chaka chino adzalanso mizere khumi kumunsi kwa munda, ndipo ndawalonjeza kuti tchuthi chikayamba ndipita kukawathandiza kupalira koyamba.