Mmene ndimakonzera dandaulo lopita ku CFTC wamalonda akamafinyidwa

Bambo kapena mayi wa golosale akalowa mu ofesi mwanga muno mu Zomba mtima uli m'mwamba, mawu oyamba amakhala akuti, "A loya, anthu aja akutibera." Ndimawasiya alankhule mpaka amalize, kenako ndimafunsa kuti akukuberani ndani, ndipo akuba motani? Yankho lawo ndilo limandiuza ngati nkhaniyo ndi ya bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, Competition and Fair Trading Commission, lomwe timangoti CFTC, kapena ndi ngongole wamba yoyenera kwa majisitireti.

Lamulo lomwe tikugwiritsa ntchito pano ndi Competition and Fair Trading Act la 2024, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi chaka chomwecho m'malo mwa lakale la 1998. Limaletsa anthu opikisana pa malonda kupangana mitengo, kugawana madera kapena makasitomala, ndi kukonzeratu mseri amene apambane tenda. Limaletsanso kampani yamphamvu pa msika kupanikiza ena ndi mphamvu zakezo, monga kukukanizani shuga pokhapokha mutengenso makatoni a sopo amene simukuwafuna. Palinso gawo loteteza ogula pa katundu wotha nthawi, kubisa katundu podikira kuti akwere, ndi zikwangwani zija zakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Nkhani za ogulazi sizivuta, lisiti ndi chithunzi zimakwana ndipo loya safunika. Ntchito yeniyeni ili pa kupangana ndi kupondereza.

Pomwe madandaulo ambiri amagwera ndi apa: kufanana kwa mitengo pakokha si umboni wakuti anthu anapangana. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera nthawi imodzi popanda wina kuimbira mnzake foni. Mafuta a galimoto amafanana mtengo pa mapampu onse chifukwa amaika ndi a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Loya wa mbali inayo adzayambira pamenepa, ndiye ndimayambiratu ine. Ndimafufuza ngati mtengo wa ku fakitale unasintha, ngati mafuta anakwera, ngati kwacha inagwa sabata imeneyo. Zonsezi zikakhala kuti sizinasunthe, koma ma hadiweya anayi akweza thumba la simenti tsiku limodzi ndi ndalama yofanana ndendende, pamenepo pali poyambira. Chimodzimodzi ngati wogula wa ku Jali wabwezedwa pa holoselo ndi mawu akuti dera limenelo si lathu, kagulani kwa uje. Pa nkhani za tenda ndimayala makoteshoni atatu pa tebulo n'kuwayang'ana mzere ndi mzere. Mukapeza liwu lolakwika chimodzimodzi pa onse atatu, kapena dzanja limodzi lolemba manambala, mwadziwa kuti anachokera pa desiki imodzi.

Ngati nkhani ndi ya kampani imodzi yopondereza, choyamba ndi kutsimikiza kuti ilidi ndi mphamvu, ndipo izi zimadalira chomwe lamulo limatcha msika. Si msika wa mabenchi ngati wa m'tauni kapena wa ku Thondwe ayi. Ndi katundu amene angalowe m'malo mwa mnzake, komanso dera lomwe wogula angafikeko osaluza. Funso lomwe akatswiri a zachuma amafunsa ndi lakuti, mtengo utakwera ndi 5 kapena 10 peresenti n'kukhazikika pomwepo, ogula angathawire kuti? Kontilakita wofuna matumba 200 a simenti akhoza kuchita hayala lole n'kukatenga ku Limbe. Mayi womanga khitchini ku Matawale, wofuna matumba asanu, sangatero, chifukwa thiransipoti idya phindu lonse. Mbali inayo idzanena kuti msika ndi chigawo chonse chakummwera kuti gawo lawo lioneke laling'ono. Ine ndimatenga mitengo ya hayala kwa oyendetsa awiri kapena atatu, n'kuigawa pa thumba lililonse, kuti ndionetse ndi manambala kuti kwa ogula ang'ono msika ndi Zomba yomweyi. Gawo ili anthu amalidumpha, komatu ndilo limagwira mlandu wonse.

Umboni ndimauyamba ndi kope la hadikava. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku, dzina la sitolo, katundu, kuchuluka kwake, mtengo, ndi mawu enieni amene wogulitsa ananena. Ndimapempha kuti alembe kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, osadumpha masiku omwe mitengo inali bwino, chifukwa kope losankha masiku oipa okha limakayikitsa. Malisiti a pa makina amafufutika msanga, makamaka akasungidwa m'thumba la malaya nyengo yotentha, ndiye achitidwe fotokope kapena ajambulidwe tsiku lomwelo. Mauthenga a pa WhatsApp ajambulidwe nambala ya wotumiza ndi tsiku zikuoneka. Mawu ojambulidwa akhale m'foni momwe anafikira, ndipo foniyo isagulitsidwe. Uthenga wongotumiziridwa kuchokera kwa msuweni wa mnzanu ulibe mphamvu, sitidziwa anaulemba ndani.

Pali funso lomwe ndimafunsa chitseko chili chotseka: "Bambo, inuyo munalipo pa gulu limene anagwirizana mitengolo?" Ngati munalipo, nenani kwa loya wanu dandaulo lisanalembedwe. Amene anavomera nawo mtengo ndi mbali ya panganolo, ndipo kalata yolembedwa mosasamala ikhoza kumubwerera mwini wake.

Dzina la wodandaulidwa likhale lolondola. Lomwe lalembedwa pa khoma la sitolo nthawi zambiri si lomwe kampani inalembetsa kuboma. Ndimatenga dzina ndi nambala ya msonkho zomwe zili pamwamba pa lisiti, ndipo ndikakayika ndimakatsimikiza kwa olembetsa makampani. Ngati wa depoti akungotsatira malamulo ochokera kwa mwini katundu, onse awiri atchulidwe.

Kalata yeniyeniyo siyenera kupitirira masamba awiri kapena atatu. Ndimalemba wodandaula ndani, akuchita malonda anji, chinachitika nchiyani motsata masiku, chawononga chiyani, ndipo tikupempha chiyani. Mawu achipongwe ngati akuba kapena mbava ndimachotsa onse. Pepala lililonse la umboni limalandira nambala, ndipo nambalayo imatchulidwa m'kalatamo pomwe ikufunika. Ngati wodandaula akuopa kuti amudula katundu, zomwe zimachitikadi kwa amene amadalira holoselo imodzi, pempho losunga dzina lake mwachinsinsi limakhala m'ndime yoyamba. Kudandaula ku CFTC n'kwaulere. Likulu lawo lili ku Lilongwe, ndipo mukatumiza sungani umboni wakuti analandira. Nkhani ikakhudza malonda a pakati pa mayiko a COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, bungwe lawo loona za mpikisano lilinso ku Lilongwe komweko, ndipo lakhala likugwira ntchito kuyambira 2013.

Dandaulo likafika ku CFTC, amayamba aona ngati nkhaniyo ndi yawo. Akaitenga amalembera wodandaulidwa kuti ayankhe, amasonkhanitsa umboni wawo, kenako makomishona amagamula atamva mbali zonse. Zimatenga miyezi. Akakufunsani pepala lina yankhani sabata yomweyo, poti fayilo yosayankhidwa imangokhala.

Za chindapusa ndimafotokozeratu kuti pasakhale kukhumudwa. Mu 2023 bwalo lalikulu linagamula pa mlandu wa Airtel Malawi kuti pansi pa lamulo lakale CFTC inalibe mphamvu yolipitsa yokha chindapusa. Lamulo latsopano linakonza zimenezo, ndipo kampani ikhoza kulipitsidwa mpaka 10 peresenti ya ndalama zomwe imagulitsa pa chaka. Koma ndalama imeneyo sibwera m'thumba mwanu. Chomwe chimakuthandizani inu ndi lamulo lakuti khalidwelo lileke komanso kuti mubwezeredwe zanu, ndiye zipempheni momveka m'kalata, ndi kuchuluka kwake. Wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo ku bwalo lalikulu, ndipo masiku ake ndi owerengeka, choncho ndimalemba pa chikuto cha fayilo tsiku lomwe chigamulo chafika. Kope lija lipitirire kulembedwa mpaka nkhani ithe, chifukwa ngati holoselo yasiya kukugulitsani itangolandira kalata ya CFTC, tsiku limenelo ndi dzina la amene anakubwezani zimakhala dandaulo lachiwiri.