Chigwiriro chooneka mkati

Lachiwiri usiku, tulo takana, ndiye bola ndilembe.

Nkhani ndi mpeni wa malemu bambo anga. Anausula okha kuchokera ku sipuling'i ya galimoto. Chigwiriro chake cha mlombwa chitang'ambika mwezi watha, ndinapeza kuti pachitsulo cha mkati anakhomapo zilembo ziwiri za dzina lawo. Zaka zonsezi zili zobisika! Pompo mtima unangoti chigwiriro chatsopano chikhale choonekera ngati galasi, zilembozo ndiziziona.

Ndinagula zidutswa za Perspex, pulasitiki yolimba yoonekera, kwa mnyamata wina wolemba zikwangwani, yemwe analumbira kuti sizisweka. Bowo loyamba ndinaboola bwinobwino. Poboola lachiwiri ndinangomva kuti phwa, mng'alu mpaka kumapeto. Ndalama yapita.

Lero ndinatsikira ku Ndirande kwa madala ena osula zitsulo. Anatembenuza chidutswa changa chija, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, mapulasitiki owalawa si amodzi. Iyi yakoyi ndi namwali wa paukwati, kuwala kokha. Ukaigwetsa pasimenti yatha."

Anatulutsa pansi pa benchi chivundikiro cha nyale ya galimoto, anachipana pa vayisi, n'kuchipinda ndi pulayazi. Chinangopindika, osathyoka. Imeneyo ndiye polycarbonate, ija amapangira zishango za apolisi ndi ma CD. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama.

"Ndiye ndigule yomweyi, bambo?"

"Dikira kaye. Yang'ana nyale za maminibasi apa siteji. Zili bwanji?"

Zachikasu, zachifunga. Dzuwa limaidya, komanso imakandika msanga kuposa Perspex, moti ndi mchenga umene akuchikazi amakwechera mapoto, pakangotha miyezi ingapo zilembo zija ndizidzaziona ngati ndili ndi ng'ala. Anandichenjezanso kuti thina kapena petulo ikakhudza pamene msomali wapana, timing'alu timayamba tokha. Ndipo nyale ndi yopyapyala, yokhota. Chidutswa chochindikala, chokwanira chigwiriro, ndikachipeza kuti?

Ndinawauza zimene ndinawerenga pa intaneti, zoti pankhondo yachiwiri yapadziko lonse asilikali ankadula Plexiglas ya mazenera a ndege zowonongeka, n'kusanja timawashala pachitsulo cha mpeni, chigwiriro n'kutuluka chowala. Plexiglas ndi Perspex yomweyo, maina okha. Madala aja anagwedeza mutu. Akuti zikhoza kutheka, chifukwa washala aliyense ali ndi bowo limodzi pakati ndipo palibe msomali womung'amba. Koma nanga zilembo zingawerengeke bwanji kudutsa mizere yonseyo? Za epoxy, guluu woonekera wothira m'chikombole, sanafune n'kumva komwe: mtengo wake, tithovu totsalira mkati, kenako nayonso kuchita chikasu.

Chomwe chandisowetsa tulo si mapulasitiki ayi. Ndikutsanzika anandigwira pamkono.

"Bambo akowo, zilembo anaziika pansi pa mtengo dala. Akanafuna kuti anthu aziziona, akanakhoma pamwamba. Chigwiriro n'chogwira, si choonerera."

Ndinapsa mtima, sindinama. Bambo anga anawadziwira kuti iwowo? Mu minibasi ndinkawayankha chamumtima njira yonse, mayankho akuthwa amene sanabwere ndili pamaso pawo. Ndimadana nako kugonja kwa munthu amene sanakweze n'komwe mawu. Komabe bambo anga analidi otero. Fizi ya ana a alongo awo ankalipira mwakachetechete, ife tinadzamva pamaliro.

Akuchikazi akuti ndingoika mlombwa, mpeniwo akuusowa podula nyama. Iwo nkhani yonseyi akuiona ngati yamasewera.

Patebulo pano pali chitsulo chija, kachidutswa ka nyale kamene madala anandipatsa ulere, ndi kathabwa ka mlombwa komwe sindikukumbuka kuti ndinakatulutsa nthawi yanji. Ndayesa kuika kapulasitikiko pamwamba pa zilembo. Zikuoneka, koma ngati zili pansi pa madzi a m'chithaphwi. Magetsi athimanso. Mwina mawa ndifunse kwa ogulitsa magalasi a nyumba ngati ali ndi yochindikala, kaya.